Ululu Wotsala Mashingozi Akapola: Kuuzindikira ndi Kuuchiza kwa Okalamba

Munthu wachikulire akadwala mashingozi, maso a banja lonse amakhala pa matuza. Matuza aja akauma, nkhanambo n'kuyoyoka, aliyense amati zatha. Koma kwa okalamba ambiri mavuto amayambira pomwepo. Pakhungu papola, pangotsala zipsera, koma agogo sakugona, akukana kuvala malaya, ndipo mdzukulu akangowagunda pang'ono m'nthiti amakuwa. Pa khadi la kuchipatala dokotala amalemba kuti postherpetic neuralgia, kapena mwachidule PHN. Chimene chikudwala apa ndi mtsempha, khungu lilibe mlandu. Zolakwika zambiri zimene zimachitika m'makomo mu Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, zimachokera pa kusamvetsa mfundo imodzi yomweyi. Anthu amapaka zopakapaka pakhungu lopola kale, amamwetsa agogo mapiritsi a mutu ndi a msana mpaka m'mimba mutachita zilonda, kenako n'kuyamba kulozana zala za ufiti.

Ululuwu ukuchokera kuti

Mashingozi amayamba ndi kachilombo komwe kaja ka katsabola, kotchedwa varicella-zoster. Mwana akachira katsabola kachilomboka sikatuluka m'thupi. Kamakabisala m'timfundo ta mitsempha timene tili m'mbali mwa fupa la msana, ndiponso m'mutu pa mtsempha waukulu wa kunkhope, n'kukhala phee kwa zaka 40, 50 ngakhale 60. Chitetezo cha m'thupi chikafooka, kaya chifukwa cha ukalamba, HIV, khansa, shuga, kapena mankhwala monga prednisolone omwedwa nthawi yaitali, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi mpaka kukatulukira pakhungu. N'chifukwa chake matuza amatuluka mbali imodzi yokha, n'kuthera pakati pa msana kumbuyo ndi pakati pa chifuwa kutsogolo. Mtsempha uliwonse uli ndi malire ake. Zija amanena kuti lamba wa matuza akazungulira n'kukumana munthu amamwalira zilibe maziko. Koma matuza akatuluka mbali zonse ziwiri kapena kumwazika thupi lonse, ndiye kuti chitetezo chatsika kwambiri, ndipo wodwalayo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Kachilomboka kakamayenda mumtsempha kamauwononga. Matuza amauma m'masiku 7 mpaka 10 ndipo khungu limapola m'masabata 2 mpaka 4, koma mtsempha umatsala ngati waya wa magetsi wosupuka amene akuthetheka yekha, kutumiza uthenga wa ululu ku ubongo popanda chimene chaupweteka. Bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limati mwa anthu 100 odwala mashingozi, pakati pa 10 ndi 18 amatsala ndi ululu umenewu. Kwa munthu wosakwana zaka 40 sizichitikachitika, koma kupitirira zaka 60 chiopsezo chimakwera, ndipo chimakwererabe munthu akamakula. Amene ali pangozi kwambiri ndi amene anamva ululu woopsa kuyambira pachiyambi, amene matuza anali ochuluka, ndi amene mashingozi anawagwira pachipumi ndi kudiso.

Masiku atatu oyambirira

Ngakhale nkhani yathu ndi ya ululu wotsala, masiku oyamba sitingawadumphe. Matuza asanatuluke, munthu amatha masiku angapo akumva kuwotcha, kuyabwa kapena kubaya pamalo amodzi pasanaoneke kanthu. Matuza akangooneka pitani kukiliniki, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi, chifukwa mankhwala olimbana ndi kachilomboka amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72. Opezeka kwambiri ndi aciclovir, 800 mg kasanu patsiku kwa masiku 7. Kasanu n'kovuta kukumbukira, choncho lembani papepala: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo ndi 10 koloko usiku. Yang'anani mphamvu ya mapiritsi amene mwapatsidwa. Akakhala a 200 mg ndiye kuti ndi mapiritsi 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 140, ndipo akakhala a 400 mg ndi awiriawiri, onse 70. Cholakwika chofala n'kumwa piritsi limodzi la 200 mg kasanu, umene ndi mlingo wa zilonda za pamilomo, wosakwanira mashingozi. Amene angathe kugula valaciclovir amamwa 1 g katatu patsiku kwa masiku 7. Mankhwala onsewa amatuluka kudzera mu impso, choncho agogo azimwa madzi okwanira, ndipo ngati impso zawo n'zofooka dokotala amatsitsa mlingo, apo ayi amatha kusokonekera mutu. Aciclovir wopaka uja sathandiza pa mashingozi, musataye naye ndalama.

Maola 72 akapitirira musabwerere pakhomo. Ngati matuza atsopano akutulukabe, ngati ali kunkhope, kapena chitetezo n'chofooka, mankhwalawa amaperekedwabe. Tinene mosabisa kuti aciclovir amafupikitsa matenda ndi kuchepetsa ululu wa masiku oyamba, koma sanasonyeze kuti amatsekereza ululu wotsala. Chimodzimodzinso prednisolone. Munthu amene anamwa mankhwala ake onse bwinobwino koma ululu n'kutsala asadziimbe mlandu kapena kuimba mlandu anamwino.

Pali malo awiri ofunika changu. Matuza a pachipumi, pachikope, makamaka pansonga kapena m'mbali mwa mphuno amasonyeza kuti nthambi ya mtsempha yopita kudiso yakhudzidwa. Diso likafiira, likamawawa, likamaopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, afunika dokotala wa maso tsiku lomwelo, ndipo kuno ku Harare a maso a boma ali ku Sekuru Kaguvi pa chipatala cha Parirenyatwa. Musadonthezere m'diso mankhwala otsala a munthu wina, chifukwa ena ali ndi steroid amene angawononge diso. Malo achiwiri ndi khutu: matuza m'khutu pamodzi ndi kupindika kwa pakamwa, kusatseka diso, chizungulire kapena kugontha. Apanso musagone nazo.

Aliyense wodwala mashingozi ayezetse HIV ndi shuga, ngakhale akhale agogo a zaka 75 otsogolera mvano kutchalitchi. Si chipongwe. Okalamba ambiri amadwala mashingozi chifukwa cha zaka basi, koma bungwe la WHO limawaika pa zizindikiro za siteji 2 ya HIV, ndipo zotsatira zake zimasintha kasankhidwe ka mankhwala monga tione kutsogoloku.

Kuzindikira kuti ndi ululu wa mtsempha

Palibe kuyeza magazi, X-ray kapena sikani imene imaonetsa matendawa. Amadziwika pofunsa ndi pogwira, choncho zimene banja labweretsa kwa dokotala n'zimene zimagwira ntchito.

Choyamba ndi tsiku. Werengani kuchokera tsiku limene matuza anatuluka. Ululu ukapitirira masiku 90 ndiye PHN. Izi sizikutanthauza kuti munthu azivutika miyezi itatu kudikira dzina. Mankhwala a mitsempha akhoza kuyambidwa msanga ngati ululu ukumulepheretsa kugona, dzinalo lidzabwera pambuyo.

Chachiwiri ndi malo. Ululu umakhala pamene panali matuza, mbali imodzi, ngakhale nthawi zina umasefukira pang'ono pamwamba kapena pansi pa zipsera. Pakhungu lakuda zipserazo zimaoneka ngati timadontho toderapo kapena toyererapo tondondozana, ndipo kwa ena zimatupa n'kukhala zolimba. Muwavule malaya pamalo owala bwino, n'kuwapempha kuti alozere okha ndi chala malire a pamene pakuwawa.

Chachitatu ndi mtundu wa ululu, ndipo apa muwalole agogo afotokoze m'mawu awo. Pali ululu wosalekeza, wowotcha kapena wophwanya m'kati. Pali wobwera mwadzidzidzi, wobaya kapena wogwira ngati shoko, umene umatha masekondi ochepa n'kubweranso. Ndiye pali wachitatu umene umasautsa kuposa yonse: chinthu chosapweteka, monga malaya, bulangete, kamphepo kapena madzi osamba, chikakhudza pamalopo chimawawa koopsa. Ena samva ululu kwenikweni koma kuyabwa kosapiririka, makamaka pachipumi ndi m'mutu, n'kumakanda mpaka kutuluka magazi osamva kanthu. Okalamba athu ambiri amalankhula Chishona cha pamsika bwinobwino, koma ululu amaufotokoza m'Chichewa. Mupite nawo ndi munthu amene angamasulire mawu enieniwo, asangouza namwino kuti akumva kupweteka. Mawu enieniwo amathandiza dokotala posankha mankhwala amene alembedwe.

Chachinayi ndi kuyesa ndi thonje, kumene mungachite ngakhale kunyumba. Tengani kathonje kouma, muyambe kusisita mopepuka mbali yabwino kuti adziwe mmene zimamvekera, kenako malo ofanana nawo mbali yodwalayo. Mudzapeza chimodzi mwa zitatu: akumva mofanana, pachita dzanzi, kapena thonje lokhalo lawawawa. Kawirikawiri dzanzi ndi ululu zimakhalira pamodzi pamalo amodzi, chimene chimadabwitsa achibale n'kuyamba kuganiza kuti agogo akunamizira. Sakunamizira, mtsempha wowonongeka umatero. Kuchipatala amatha kuonjezera kuyesa ndi kanthu kosongoka ndi kanthu kozizira, ndipo ena amagwiritsa ntchito mafunso 10 otchedwa DN4, pomwe mayankho 4 kapena kuposerapo a inde amaloza ku mtsempha.

Pomaliza pezani kabuku. Madzulo aliwonse agogo apereke nambala kuyambira 0, kutanthauza palibe ululu, mpaka 10, ululu woopsa umene angauganizire, ndipo mulembenso maola amene agona. Amene manambala amawavuta anene kuti pang'ono, pakatikati kapena kwambiri. Popanda kabukuka simudzadziwa ngati mankhwala akugwira, chifukwa munthu wovutika amangokumbukira usiku woipitsitsa.

Si ululu uliwonse wa munthu amene anadwalapo mashingozi umene uli PHN. Kuwotcha kwa mapazi onse awiri mofanana kumaloza ku shuga, HIV, mowa kapena isoniazid wa m'mankhwala a TB. Ululu wa pachifuwa wobwera poyenda kapena pokwera chitunda, wokhala ndi thukuta kapena befu, ndi wa mtima mpaka dokotala atanena kuti ayi. Msana wowawa pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi usiku, kufooka kwa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo ufunika kufufuzidwa msanga chifukwa ungakhale TB ya msana kapena khansa. Pamalo pa zipsera pakatupa, pakatentha kapena kutuluka mafinya, ndiye kuti palowa majeremusi ena ndipo pafunika maantibayotiki. Ziliponso nthawi zochepa pamene mashingozi amawawa popanda kutulutsa matuza, koma dokotala amafika pamenepo atachotsa kaye zina zonsezi.

Mankhwala, ndi pamene anthu amalakwitsa

Muyambe mwagwirizana za chimene mukuyembekezera. Mankhwala amene alipo kawirikawiri sachotsa ululu wonse. Ululu ukatsika kuchoka pa 8 kufika pa 4 kapena 5, agogo n'kumagona usiku, kuvala malaya ndi kubwerera kudimba kapena kutchalitchi, mankhwala agwira. Banja limene likuyembekezera 0 limasiya mankhwala abwino sabata yachiwiri n'kuyamba kuzungulira.

Ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin amathandiza pa kutupa kwa mafupa ndi minofu, koma pa ululu wa mtsempha sachita zambiri. Kwa okalamba amabweretsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndi kuwononga impso, makamaka kwa amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir kapena mapiritsi a BP okodzetsa. Paracetamol ndi wofatsa ndipo angathandize pang'ono, koma kwa nkhalamba asapitirire 3 g patsiku, ndipo kwa wowonda wosakwana makilogalamu 50 piritsi limodzi la 500 mg pa nthawi n'lokwanira. Kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol m'kati.

Amitriptyline ndi amene ambiri amayambira chifukwa ndi wotchipa ndipo amamwedwa kamodzi patsiku. Kapepala ka m'bokosi kamanena za matenda a maganizo, ndipo agogo ena amakhumudwa kuti akuyesedwa amisala. Muwafotokozere kuti pa mlingo wochepa mankhwalawa amatontholetsa mitsempha, ndipo n'chifukwa chake alembedwa. Kwa wokalamba amayambira pa 10 mg usiku. Ngati pafamase pali a 25 mg okha, dokotala angalole kudula pakati kuti akhale 12.5 mg. Mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono, osafulumira kuposa kamodzi pa sabata, ndipo okalamba ambiri amaima pakati pa 25 ndi 50 mg. Kupitirira 75 mg si za kunyumba. Amwe cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo kuti tulo take tisafike mpaka m'mawa. Tulo timabwera usiku woyamba, koma kuchepa kwa ululu kumatenga masabata, ndipo musanene kuti alephera asanathe masabata 6 mpaka 8.

Mavuto ake ndi odziwika: kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, chizungulire podzuka, kusokonekera mutu ndi kutsekeka kwa mkodzo. Abambo amene kale mkodzo umatuluka modontha chifukwa cha prostate akhoza kutsekekeratu usiku umodzi. Amene anadwala mtima posachedwa, amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, a matenda a maso otchedwa glaucoma ndi amene ayamba kuiwalaiwala asapatsidwe mankhwalawa mwachisawawa, ndipo kwa a mtima dokotala angafune kuyeza kaye kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG. Pamene nortriptyline akupezeka, ndi m'bale wake wofatsirapo kwa okalamba. Ngozi imene anthu saiganizira ndi kugwa. Agogo amwa piritsi, magetsi azima, 2 koloko usiku adzuka kupita kuchimbudzi cha panja, n'kugwa n'kuthyoka chiuno. Ikani tochi pamutu pa bedi ndi ndowa m'chipinda, chotsani timakapeti ndi nsapato panjira, ndipo muwaphunzitse kukhala kaye tsonga m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi asanaimirire. Botolo la mapiritsi lizikhala lokhomeredwa, chifukwa mapiritsi ochepa chabe a amitriptyline akhoza kupha mwana wamng'ono.

Gabapentin ndi wabwino kwa amene amitriptyline sawayenera. Mabuku amati 300 mg tsiku loyamba, 600 lachiwiri, 900 lachitatu, koma liwiro limenelo kwa munthu wa zaka 78 limamugwetsa. Njira yofatsa ndi kuyamba ndi 100 mg usiku, patapita masiku atatu kapena kuposerapo kuonjezera wa m'mawa, kenako wa masana, n'kumakwera chomwecho malinga ndi mmene thupi likulandirira. Ambiri amayamba kumva kusintha pakati pa 900 ndi 1,800 mg patsiku, ogawidwa katatu. Apa pali zolakwika ziwiri zotsutsana. Ena amakhala pa 100 mg miyezi itatu n'kumati mankhwala sagwira, pamene sanafike n'komwe pa mlingo wogwira. Ena amathamangira pamwamba, agogo n'kumadzandira ngati aledzera. Kuwayesa mokwanira kumatenga pafupifupi miyezi iwiri. Gabapentin amatuluka yense kudzera mu impso, choncho asanayambe ayezetse magazi a impso, aja amalemba kuti U&E, ndipo impso zikakhala zofooka mlingo umakhala wotsika. Akhoza kutupitsa mapazi. Mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium amachepetsa kulowa kwake m'thupi, choncho musiyanitse ndi maola awiri.

Werengeranitu ndalama musanayambe. Pa 300 mg katatu patsiku ndi makapisozi 90 pamwezi, mwezi ndi mwezi. Banja ligwirizane amene azigula, kuphatikizapo ana a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe, chifukwa kusiya gabapentin mwadzidzidzi kumabweretsa kusowa tulo, nkhawa, thukuta, ngakhale kukomoka. Amasiyidwa pochepetsa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Pregabalin amagwira mofanana naye, amamwedwa kawiri patsiku, ndipo kwa okalamba amayambira pa 25 kapena 50 mg usiku. Malamulo a impso ndi a kasiyidwe ndi omwewo. Awiriwa samwedwa pamodzi. Onse awiri akaphatikizidwa ndi mowa, mapiritsi a tulo, tramadol, codeine kapena morphine amatha kufooketsa kupuma, makamaka kwa wa chifuwa cha mphumu kapena wosuta fodya wa zaka zambiri. Pregabalin alinso ndi msika pakati pa achinyamata omwa mankhwala ozunguza bongo, choncho muziwerenga makapisozi.

Mankhwala amodzi akathandiza pang'ono koma mavuto ake akulepheretsa kukweza, dokotala amatha kuphatikiza gabapentin wochepa ndi amitriptyline wochepa. Zimagwira, koma tulo ndi chizungulire zimaonjezekanso. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikavuta mudziwe chimene chavuta.

Carbamazepine amalembedwabe kawirikawiri pa ululu uliwonse wa mitsempha chifukwa amapezeka. Malo ake enieni ndi khunyu ndi mtundu wina wa ululu wa kunkhope, koma pa ululu wa mashingozi si woyambira. Kwa okalamba amatsitsa mchere m'magazi n'kuwasokoneza mutu. Choopsa kwambiri n'chakuti amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali mu piritsi la TLD limene ambiri akumwa masiku ano. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir nawonso achenjere, chifukwa amachulukitsa amitriptyline m'magazi. Ndiye mukamapita kwa dokotala aliyense, ngakhale wapulaiveti amene simufuna kuti adziwe zambiri, nyamulani mabotolo onse m'jumbo, a BP, a shuga, ma ARV ndi azitsamba omwe, muwakhuthule patebulo.

Tramadol ndi wongothandizira masiku ochepa pamene mankhwala enawo akukwezedwa, osati wa miyezi. Amadzimbitsa, amachititsa nseru, amazoloweretsa, ndipo pamodzi ndi amitriptyline akhoza kuyambitsa kunjenjemera, kutentha thupi ndi kukomoka.

Kwa nkhalamba yofooka, kapena imene vuto lake lalikulu ndi khungu losakhudzika, mankhwala oika pakhungu ndi abwino kuposa omwa chifukwa safika kumutu. Pulasitala ya lidocaine 5% imamatidwa pamalo owawa kwa maola 12, n'kuchotsedwa kwa maola 12, osapitirira mapulasitala 3 pa nthawi imodzi, pakhungu lopola ndi louma. Imadulika ndi sizasi musanachotse kapepala ka kumbuyo, choncho pa malo aang'ono imodzi ingakwane masiku angapo. Sankhani maola 12 amene ululu umavuta kwambiri, usana kapena usiku. Tsitsi la pamalopo lidulidwe ndi sizasi, osameta ndi lezala. Ikapanda kuthandiza m'masabata 2 mpaka 4 isiyeni, chifukwa ndi yodula ndipo sipezeka m'mafamase onse. Palinso kirimu wa capsaicin 0.075%, wochokera ku chinthu chowawitsa tsabola, wopakidwa pang'ono kwambiri katatu kapena kanayi patsiku. Masiku oyamba amawotcha, ndipo ambiri amalekera pomwepo, pamene phindu lake limabwera patapita masabata 2 mpaka 4 akupakidwa mosadumphitsa. Osapaka pabala, pafupi ndi diso kapena mutangosamba madzi otentha, ndipo sambani m'manja mukatha. Izi sizikupereka chilolezo chosinja tsabola wa kambuzi n'kupaka pa agogo, kumeneko n'kuwotcha khungu chabe.

Mankhwala onsewa ndi olembedwa ndi dokotala ndi kugulidwa pafamase yovomerezeka ndi MCAZ, bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno. Ogulitsidwa m'misika ndi m'misewu, otha tsiku ndi okhala padzuwa, simungadziwe mphamvu yake, pamene nkhani yonse ya mankhwala a mitsempha yagona pa mlingo. Siyani mankhwala n'kuthamangira kuchipatala ngati agogo asokonekera mwadzidzidzi, akulephera kukodza, akomoka, mtima ukuthamanga, akuvuta kudzutsa kapena atuluka zidzolo thupi lonse.

Za pakhomo

Zovala zikhale za thonje, zofewa ndi zomasuka, zopanda msoko wokhula pamalopo. Chodabwitsa n'chakuti ena amapeza bwino ndi chovala chothina ngati vesiti, chifukwa chimene chimawawa ndi kukhudza kopepuka kwa nsalu yoyendayenda, pamene kukanikiza kokhazikika sikuwawa. Yesani zonse ziwiri. M'nyengo yozizira ya June ndi July mabulangete olemera amasautsa, choncho ikani pilo m'mbali kuti bulangete lisagone pamalo owawa. Mu October thukuta limautsa ululu ndi kuyabwa, ndipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 kamathandiza ambiri. Ayezi akulungidwe m'nsalu, ndipo amene kuzizira kumawaonjezera ululu asakakamizidwe. Botolo la madzi otentha ndi mbaula zikhale kutali ndi malo a dzanzi, chifukwa munthu amapsa osamva. Zikhadabo ziwengedwe. Mu kombi agogo akhale kuti mbali yodwalayo iyang'ane kuwindo.

Kutema mphini pa zipsera, kupaka mankhwala otsukira mano, mafuta a galimoto kapena phulusa kumangobweretsa mabala pamwamba pa mtsempha wovulala kale. Dziwaninso kuti ululu wotsalawu supatsirana. Chimene chimapatsira ndi madzi a m'matuza asanaume, ndipo amapatsira katsabola kwa amene sanadwalepo, n'chifukwa chake amayi oyembekezera, makanda ndi ofooka m'thupi amatalikira masiku amenewo. Nkhanambo zikauma palibenso chifukwa chowapatulira mbale kapena kuletsa zidzukulu kulowa m'chipinda chawo.

Ululu wa miyezi umadya munthu. Amasiya kudya, amaonda, amasiya kutuluka, ndipo ena amayamba kunena kuti bola kufa. Mawu amenewo musawaseke kapena kuwadzudzula, muuze namwino, ndipo mapiritsi asunge munthu wina. Pa makiliniki ambiri a khonsolo pali Friendship Bench, ntchito imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kumvetsera ndi kuthandiza anthu olemedwa maganizo. Kwa wokalamba n'kosavuta kulankhula ndi wamsinkhu wake kusiyana ndi mwana wovala yunifolomu.

Mitundu iwiri ya mankhwala ikayesedwa pa mlingo wokwanira ndi nthawi yokwanira koma osaphula kanthu, pemphani kalata yopita ku Parirenyatwa, Sally Mugabe kapena Chitungwiza Central kuti akaonedwe ndi madokotala aakulu. Ngati palinso khansa kapena matenda ena aakulu, a Island Hospice, amene akhala akugwira ntchito kuno kuyambira 1979, ndi akatswiri pa ululu wovuta.

Kwa ambiri ululu umanka nuchepa pakapita miyezi, ngakhale ena amakhala nawo zaka. Kabuku kakaonetsa kuti kwa miyezi ingapo zinthu zili bwino, kambiranani ndi dokotala zoyamba kutsitsa mlingo pang'onopang'ono, ndipo ululu ukabwerera mubwerere pa mlingo umene unkagwira.

Mashingozi amatha kubweranso, ndipo katemera alipo. Shingrix, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, amabayidwa kawiri motalikirana miyezi 2 mpaka 6 kwa a zaka 50 kupita m'tsogolo, ndipo amateteza ku mashingozi ndi ku ululu wotsalawu ndi mphamvu yoposa 90 peresenti. Alibe kachilombo kamoyo, choncho ndi wololedwa kwa amene ali ndi HIV, ndipo amene anadwalapo kale akhoza kubayitsa matuza akapoleratu. Sachiza ululu umene wayamba kale. Sali m'gulu la akatemera aulere a kukiliniki, choncho ofuna afunse kwa dokotala wapulaiveti kapena pafamase, kapena akonze zobayitsa pamene agogo apita kukachezera ana kunja, powerengera kuti ulendowo ukwane majakisoni onse awiri.